Madzi Saiŵala Khwaŵa

Chaka chilichonse mitsinje ikasefukira, mau amene timamva pamaliro ndi m'misasa ya othaŵa madzi ndi amodzimodzi: "Nanga tikadatani? Madzi alibe mwini." Ena amati wadutsa Napolo, ena amati n'chifuniro cha Mulungu, nkhani n'kuthera pomwepo. Mai amene wataya mwana sitingamdzudzule akalankhula motero, pakuti akufuna chomtonthoza. Koma mau omwewo akatuluka m'kamwa mwa mfumu yogaŵa malo, mwa mkulu wovomereza zomangamanga, kapena mwa kholo lonyoza maphunziro a mwana wake, asanduka bodza, ndipo bodza lake ndi lopha anthu. Mtsinje uli ndi malamulo ake, ndipo malamulowo ngotheka kuŵaphunzira.

Taonani, abale anga. Mtsinje uliwonse uli ndi ntchito zitatu: kukumba, kunyamula ndi kutula. Kumapiri, kumene madzi amathamanga, umakumba nthaka ndi kugubuduza miyala. Ukafika kuchigwa liŵiro limachepa, ndipo umatula katundu wake: miyala poyamba, kenaka mchenga, potsiriza matope. Pamene wakhota, madzi amathamanga mbali yakunja nadya mtunda, koma mbali yam'kati amayenda mwaulesi nasiya mchenga. N'chifukwa chake mtsinje wa m'chigwa sukhala pamodzi. Anthu a m'mbali mwa Songwe, amene ndi malire athu ndi Tanzania, amadziŵa kuti munda ungathe kupezeka tsidya lina mtsinje ukasintha njira. Ndipo chonde chimene timachitamanda ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi matope amene zigumula zakale zidasiya. Nthaka yomweyo ikutiuza kuti madzi adafikapo kale, ndipo adzafikanso.

Mbiri ya dziko lathu ikuchitira umboni. Kuyambira 1915 mpaka 1935 Nyanja ya Malaŵi idatsika kotero kuti madzi ake adaleka kutulukira mu Shire, ndipo mchenga udatseka njira, mpaka nyanja idakweranso n'kuibowola. Mu 1946 madzi ndi miyala zidatsika phiri la Zomba. Mu 1991 zidatsika phiri la Michesi ndi kupha anthu mazana ku Phalombe. Mu 2015 mtsinje wa Ruo udasiya njira yake nudula dera la Makhanga. Mu 2023 namondwe wa Freddy adagumula mapiri a Soche ndi Mulanje, ndipo anthu opitirira 1,000 adafa kapena kusoŵa. Kodi chinthu chobwerezabwereza chotere tingachitchebe chodzidzimutsa? Miyala ikuluikulu imene ili m'tsinde mwa mapiri athu sidamere pamenepo ngati boŵa. Idatsika ndi madzi. Wodziŵa kuiŵerenga sangagaŵire munthu malo omangapo nyumba pakati pake.

Kunyanja nakonso lamulo ndi lomwelo. Mchenga wa pagombe udachokera kumtunda, mitsinje monga Linthipe, Bua ndi Dwangwa ndiyo idautula. Mwera ukaomba, mafunde amafika chammbali nakankha mchengawo pang'onopang'ono motsata gombe. Gombe lotambalala ndi chishango: funde limathera mphamvu pamchenga lisanafike panyumba. Tsono amene amabwera ndi malole kudzatapa mchenga pagombe kapena m'mitsinje akugulitsa chishango cha mudzi wonse. Dzenje limene asiya, madzi amalikwirira podya mtunda wa mnansi. Ndipo amene amamanga pamphepete penipeni pa madzi aiŵala kuti nyanja idakwera kwambiri mu 1980, ndipo mu 2024 idaloŵanso m'nyumba zambiri za m'mbali mwake.

Wina adzati: "Mukunena bwino, koma wosauka akalime kuti? Dimba la m'mbali mwa mtsinje ndilo limapulumutsa ana mvula ikavuta." Funso limeneli ndi lolemera, ndipo sitiyenera kulinyoza. Pa kalembera wa 1966 tidali anthu mamiliyoni 4. Pa wa 2018 tidapitirira mamiliyoni 17, koma dziko silidakule. Komabe umphaŵi ndiwo ukutikakamiza kuphunzira, pakuti wolemera madzi akamuonongera amakamanga kwina, pamene wosauka amatsala ndi zovala za pathupi zokha. Makolo athu ankalima madimba m'chilimwe, koma ankasiya bango, nsenjere ndi mikuyu kuti mizu yake igwire mtunda, ndipo nyumba ankamanga pokwera. Ankaudziŵa mtsinje pokhala nawo. Ife tachulukana, tadula mitengo, ndipo mvula yasintha kagwedwe kake. Nzeru za makolo zikufuna kuthandizidwa ndi miyeso, mapu ndi kaundula wa zaka zambiri.

Musaganize kuti nkhaniyi ndi ya anthu a m'chigwa okha. Magetsi ambiri a dziko lino amachokera ku mathithi a Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Nthaka yokokoloka m'minda ya kumtunda imakadzaza maiŵe a malo ameneŵa, makina n'kumalephera kugwira bwino ntchito. Mu 2022 namondwe wa Ana adaononga damu la Kapichira, ndipo dziko lonse lidavutika ndi kuzimazima kwa magetsi miyezi yambiri. Wodula mtengo pamwamba pa phiri ndi wophunzira amene akusoŵa kuŵala m'tauni amangidwa ndi chingwe chimodzi, ndicho mtsinje.

Tsono ndikutsutsa poyera chizoloŵezi chonyoza maphunziro ameneŵa. Mwana akanena kuti akufuna kuphunzira za mitsinje, miyala ndi magombe, timamfunsa kuti adzadya mchenga kodi. Timafuna onse akhale madokotala ndi maloya. Koma dokotala amachiza amene wavuulidwa m'madzi, pamene wodziŵa mitsinje akadanena kale kuti sukulu isamangidwe pamenepo, mlatho ukwezedwe, mudzi usamukire pamtunda. Ndipo tisamkankhire Mulungu mlandu wa ulesi wathu. Amene adatipatsa mitsinje adatipatsanso maso ndi nzeru zoti tiidziŵe.

Tiyambe ndi zimene zili m'manja mwathu. Mudzi uliwonse ufunse okalamba ake pamene madzi adafika m'zaka zakale, ndipo pamenepo paikidwe chizindikiro chosafafanizika. Mafumu asagaŵe malo kunsi kwa chizindikirocho, ngakhale wopempha atabwera ndi nkhuku yonenepa. Aphunzitsi atulutse ana m'kalasi, akaone ndi maso pamene mtsinje ukudya ndi pamene ukutula. Otapa mchenga aletsedwe ndi mudzi wonse pamodzi, pakuti munthu mmodzi sangaimike lole. Ndipo akatswiri akatichenjeza, timve nthaŵi ikadalipo. Akuluakulu adanena kale kuti mtsinje wa Tinkanena udathera mu Siizi.