Chidani cha kutali chisalowe mumsika wa Migowi

Anthu ambiri amene amayenda pa msewu wa phula wochoka ku Zomba kudzera pa Jali ndi Phalombe mpaka pa Chitakale mwina sadziwa kuti zina mwa ndalama zoumangira zidachokera kwa Aluya, ku thumba la chitukuko la dziko la Kuwait ndi banki ya BADEA. Pa msewuwu pamadutsa nandolo wa Mkhristu ndi matemba a Msilamu, ndipo phulalo silifunsa munthu kumene amapemphera.

Koma masiku ano mbiri ya maiko a Aluya imene imatifika pa wailesi ndi pa lamya ndi ya nkhondo yokhayokha. Chondidetsa nkhawa n'choti mkwiyo wa kutaliwo wayamba kulowa m'macheza athu. Munthu akangoona kanema wa ku Gaza pa WhatsApp, basi wasankha mbali, mawa lake akuyang'ana ndi diso lofiira mnzake amene agundizana naye mabenchi pamsika.

Pali zambiri zimene makanemawo satiuza. Si Mluya aliyense amene ali Msilamu: ku Egypt, ku Lebanon ngakhale ku Palestine komweko kuli Akhristu kuyambira kalekale. Mumzinda wa Jerusalem, kiyi wa tchalitchi chimene chidamangidwa pa manda a Yesu amasungidwa ndi banja la Chisilamu la Joudeh, pomwe banja lina la Chisilamu, la Nusseibeh, ndilo limatsekula ndi kutseka chitseko. Zakhala choncho kwa zaka mazanamazana. Pa 4 Febuluwale 2019, mumzinda wa Abu Dhabi, malemu Papa Francis ndi Sheikh Ahmed el-Tayeb, mkulu wa mzikiti wa Al-Azhar ku Egypt, adasainira chikalata chodzudzula mchitidwe wopha anthu m'dzina la Mulungu. Ngati eni dera akuyesetsa kuzima moto, ife tiutengerenji kudzasonkhezera kuno?

Tisadzinamize kuti Amalawi sitingayambane pa nkhani ya chipembedzo. Mu Novembala 2019, pa sukulu ya M'manga ku Balaka, Akhristu ndi Asilamu adalimbana pa nkhani ya hijabu, mpango umene atsikana a Chisilamu amafunda kumutu. Anthu adavulala, katundu adaonongeka ndipo maphunziro adaima. Zidatengera bungwe la Public Affairs Committee, lomwe lidakhazikitsidwa mu 1992 ndipo muli mipingo ya Chikhristu ndi mabungwe a Chisilamu, kuti mu Juni 2021 mbali ziwirizi zigwirizane zoti mtsikana azivala hijabu yofanana mtundu ndi yunifolomu. Funso langa n'lakuti, akuluakuluwa akadakhala pansi mkangano usanabuke, ana akadavutikiranji?

Kuno ku Phalombe Asilamu ndi ochepa poyerekeza ndi Akhristu. Ena anganene kuti ndiye palibe vuto. Ine ndikuti pamenepo ndiye pali mayeso, chifukwa mtendere wa mudzi umaonekera pa momwe ochuluka amasungira ochepa. Makolo athu adazindikira izi kalekale. Pa ukwati kapena pa maliro amaitana Msilamu kudzazinga mbuzi kuti aliyense adye mosakayika. Napolo wa mu Malichi 1991 potsika m'phiri la Michesi, ndi namondwe wa Freddy mu 2023, sadasankhe nyumba. Nawonso amene ankafukula anzawo m'matope sadafunse za ubatizo.

Tisadikire tsoka lina kuti tikumbukire ubale umenewu. Abusa, ansembe, mashehe ndi mafumu a ku Migowi, Chiringa ndi pa boma azikumana nthawi ndi nthawi, ngakhale popanda mlandu. Makomiti a sukulu afotokozere makolo mgwirizano wa 2021 uja. Ndipo inu bambo, inu mayi, uthenga wonyoza chipembedzo cha mnzanu ukafika pa lamya yanu, uthere pomwepo. Mnzako akapsa ndevu m'zimire, mawa adzazima zako.