Dzina la pa bodi silingapulumutse kompyuta ku Chadiza

Pali mawu amene afala pakati pa aphunzitsi, a m'makomiti a sukulu ndi anyamata amene akutsegula timashopu tosindikiza mapepala pa boma la Chadiza. Akuti wofuna kudzilumikizira kompyuta asataye nthawi ndi mafunso: agule motherboard (bodi) ya ASUS basi, ya kampani ina iliyonse n'kutaya ndalama. Ena pamalo pa ASUS amatchula Gigabyte kapena MSI, koma mfundo ndi imodzimodzi, yakuti dzina lolembedwa pa bodi ndilo limalamula ngati makinawo akhalitse kapena afe msanga. Ife tikukana. Ndalama zimene zili pachiswe apa ndi za munthu amene wagulitsa soya ndi mtedza wa chaka chonse, ndiponso za sukulu zimene zikuyembekezeka kuphunzitsa ana kompyuta popanda thumba lokonzetsera makina akaonongeka.

Tiyambe ndi mainawo. ASUS, Gigabyte, MSI ndi ASRock onse ndi makampani a ku Taiwan, ndipo ASRock inatuluka m'mimba mwa ASUS yomweyo mu 2002. Palibe mwa iwo amene amapanga purosesa kapena chipset, zimene ndizo mtima wa makina. Zonsezo amazitenga kwa Intel kapena AMD. Kampani iliyonse ili ndi mabodi otsika mtengo ndi okwera mtengo, moti bodi yotchipa ya ASUS imafanana kwambiri ndi yotchipa ya MSI kuposa mmene imafananira ndi mkulu wake wa m'nyumba imodzi. Wogula amene wangoloweza dzina amatha kubwera ndi bodi yapansi penipeni akuganiza kuti wagula yolimba.

Ndiponso palibe kampani imene sinapunthwepo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, makapasita oipa ankatupa n'kuphulika m'mabodi a makampani ambiri, ndipo mu 2005 Dell inapatula ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni zokonzera makina ake a OptiPlex. Mu 2023 mapurosesa ena a AMD Ryzen 7000X3D anapsa chifukwa mabodi ankawapatsa mphamvu yopyola muyeso, a ASUS ali m'gulu lomwelo, mpaka AMD inaika malire a 1.3V kudzera mu BIOS yatsopano. Chaka chomwecho akatswiri a Eclypsium anapeza kuti pulogalamu imene Gigabyte inaika m'mabodi ake a mitundu yoposa 200 inkasiya khomo loti akuba a pa intaneti n'kulowerapo. Sitikunena izi pofuna kunyoza makampaniwa, pakuti zolakwikazo anazikonza. Tikungosonyeza kuti dzina lalikulu si chikole.

Mdani weniweni wa bodi kwathu kuno amalowera pa soketi ya pakhoma. Mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku damu la Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inafika pozimitsa malaiti maola 17 patsiku, m'madera ena kuposa pamenepo. Kuzima kwa malaiti kumasokoneza mafayilo ndi hadidisiki, koma choopsa kwambiri ndi nthawi imene akubwerera, pamene mphamvu imatha kulumpha mwadzidzidzi. Onjezanipo jenereta yaing'ono imene mphamvu yake imakwera ndi kutsika, invata yotchipa ya sola, ndi mphenzi za mvula yoyamba ya Novembala ndi Disembala. Zonsezi zimayamba zafika pa pawa sapulai, kabokosi kamene kamasandutsa 230V ya pakhoma kukhala 12V, 5V ndi 3.3V zimene bodi imagwiritsa ntchito. Pawa sapulai yabwino ili ndi chitetezo chodula mphamvu zinthu zikavuta. Yopepuka ija imene imabwera ngati basela ndi kesi kawirikawiri ilibe, ndipo ikamafa imatha kutenga bodi, RAM ndi disiki paulendo umodzi. Apa ndipo malangizo ofalawa amapwetekera anthu: munthu amathera ndalama zonse pa bodi ya dzina, n'kusowa yogulira pawa sapulai yodalirika ndi UPS, batire losungira kompyuta mphamvu malaiti akazima. Kuli ngati kugula mbewu yodula n'kukaibzala m'munda wopanda mizere, madzi a mvula n'kuikokolola usiku umodzi.

Waya wa earth nayenso tisamuiwale. Kachipangizo koteteza ku kulumpha kwa mphamvu sikagwira ntchito mokwanira m'nyumba imene wayayu sanalumikizidwe bwino, choncho sukulu iyambe yaitana wodziwa za magetsi kudzayeza masoketi isanalowetse makina. Fumbi la Seputembala ndi kutentha kwa Okutobala zimatsiriza ntchito: fani ikadzaza, bodi ya kampani iliyonse imatentha chimodzimodzi.

Otsutsa anena kuti dzina lalikulu lili ndi waranti. Zoona, koma warantiyo amaikwaniritsa ndi wogulitsa, osati fakitale ya ku Taiwan. Bodi yogula ku Lusaka, mtunda wopitirira makilomita 500, popanda lisiti lolembedwa nambala yake, ilibe kobwerera ngakhale dzina lake litchuke bwanji. Ndiponso ogulitsa ambiri salandira bodi yopsa ndi magetsi. Shopu ya ku Chipata imene ikulemba papepala kuti idzasintha bodi ikafa yokha ndi yothandiza kuposa dzina lililonse.

Pamene tikugwirizana ndi ofalitsa mawuwa ndi pa mfundo imodzi yokha: mabodi opanda dzina lodziwika, amene ena mwa iwo amapangidwa ndi chipset chozula m'makina akale, si oyenera sukulu kapena bizinesi, chifukwa BIOS yake siikonzedwanso. Koma pakati pa makampani odziwikawa, mafunso ofunika ndi ena. Kodi soketi yake ikugwirizana ndi purosesa imene muli nayo? Mwachitsanzo, soketi ya AM4 yakhalapo kuyambira 2016. Kodi ili ndi chitetezo chotchedwa TPM 2.0? Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imafuna TPM imeneyi pamodzi ndi purosesa yosakalamba kwambiri. Amene akugula makina a Dell kapena HP ochokera m'maofesi a kunja adziwenso kuti ambiri mwa iwo ali ndi mabodi ndi mapulagi a mtundu wawowawo, moti bodi wamba ya m'shopu siingalowe m'malo mwake.

Tikupempha makomiti a sukulu za ku Chadiza kuti wogulitsa akabweretsa kotesheni, aone kaye ngati palembedwa dzina ndi mphamvu ya pawa sapulai, UPS, ndi kutalika kwa waranti. Kotesheni imene yangotchula dzina la bodi ibwezedwe kuti akailembenso.