Otsogolera Masewera, Lekani Kubera Anzanu!

Anzanga acinyamata, pali masewera ena a pa tebulo amene safuna mpira kapena bwalo. Odziwika kwambiri ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa ku America m'caka ca 1974. Anthu anai kapena asanu amakhala pamodzi ndi mapepala, mapensulo ndi madayisi. Aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthano, kaya msilikali kaya mbala, ndipo amanena zimene munthuyo acita. Mmodzi wa iwo, wochedwa Dungeon Master, ndiye amafotokoza dziko, kuyendetsa adani ndi kuweruza zotsatira. Nkhani yanga iri pa wotsogolera ameneyu, pakuti ena a iwo ali ndi khalidwe limene ine ndilicha kuba.

Taonani m'mene amacitira. Afunsa osewera kuti, "Mwafika pa mphambano. Mulowera kumanzere kapena kumanja?" Osewera akambirana mphindi khumi, nasankha kumanja. Koma iye anakonzeratu kuti njira zonse ziwiri zikathere pa cimphona cimodzimodzi. Nthawi zina aponya dayisi kuseri kwa cikatoni cimene amabisira mapepala ake, aona 3, nanena kuti 18, cifukwa safuna kuti mdani amene anamkonza bwino agonje msanga. Kodi pamenepo anthu aja asankha ciani? Wawabera nthawi yao ndi nzeru zao.

Osewera a Cingerezi amacha khalidwe lotere railroading, ndiko kuti kuyendetsa anthu pa njanji monga sitima, imene singapatuke. Vutoli ndi lakale. Mabuku a masewera a Dragonlance, amene kampani ya TSR inayamba kutulutsa mu 1984, anali ndi lamulo lakuti anthu ofunika m'nthano akaoneka ngati afa, mtembo usapezeke, kuti adzabwerenso mtsogolo. Mpaka lero osewera ambiri amachula mabukuwa akafuna citsanzo ca njanji imeneyi.

Wina adzati, "Koma ndinakonza nthanoyi sabata yathunthu, ndiitaye?" Mbale wanga, ngati mufuna nthano imene mathero ake muwadziwa nokha, khalani pa moto madzulo musimbire ana, iwo azingoyankha kuti "tiri tonse." Ndi cinthu cabwino, koma pa tebulo ili anzanu anabwera kudzaumba nkhani pamodzi ndi inu. Konzani malo, anthu ndi zimene anthuwo afuna: mfumu yosowa ndalama, mlonda wokonda ziphuphu, mlatho wothyoka. Osewera akanyengerera mlonda m'malo momenyana naye, aloleni, ndipo muonetse cimene mfumu icita ikamva.

Winanso adzati, "Ndinasintha dayisi pofuna kupulumutsa munthu wa mnzanga, ndinamcitira cifundo." Tiyeni tiwerenge. Dayisi yaikulu ya masewerawa iri ndi mbali 20. Ngati wosewera afunika 15 kapena kuposerapo kuti adumphe cigwa, mwai wake ndi 6 pa 20. Akaudziwa, nadumphabe, kulimba mtima kumeneko ndi kwake. Mukamamupulumutsa mobisa nthawi zonse, tsiku limene adzazindikira adzakaika ngakhale zipambano zimene anazipeza moona. Ndani angabwerenso ku nsolo atadziwa kuti mnzake amasuntha miyala iye akayang'ana kumbali, ngakhale amasunthira kumthandiza?

Sindikunena kuti wotsogolera akhale wopanda mphamvu. Malamulo akakhala cete, ndiye ayenera kuweruza, ndipo aweruze msanga. Koma acite poyera. Musanayambe, gwirizanani ngati anthu a m'nthano angafe kapena iai. Cenjezani wosewera za ngozi asanasankhe. Ponyani dayisi pamene onse aona. Ngati pali cotsatira cimene simungathe kucilandira, musaponye n'komwe: nenani cimene cacitika, onse adziwe kuti mwagamula ndinu.

Inunso osewera muli ndi mbali yanu. Ufulu wosankha si cilolezo coononga masewera a anzanu kapena kunyoza nchito ya amene anakonza. Koma mukaona kuti njira zonse zithera pamodzi, dikirani masewera athe, mumfunse mwaulemu kuti, "Tikanalowera kumanzere, tikanapeza ciani?" Wotsogolera woona mtima sadzasowa yankho.