ZA KUDZUTSA GALIMOTO ZAKUFA M'NYENGO YA CHIPERONI

Ku maiko a ku Ulaya kuli mwambo wakuti chisanu chikafika, munthu wokonda galimoto amagula kagalimoto kakale kaliwiro, ka mipando iwiri ndi denga lopinda, nakatsekera m'galaja, nayamba kukaphwasula pang'onopang'ono, kuti pofika nyengo yofunda katuluke kali waliwali monga katsopano. Mwambo umenewu wayamba kukopa mitima ya ena mwa ife, makamaka tsopano pamene zithunzi za ntchito zotere zikufikira aliyense pa lamya ya m'manja. M'boma la Thyolo, kumene galimoto zakale zikali kupezeka zitakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba, chiyeso chake ndi chachikulu. Tsono tifuna kunena poyera kwa inu aphunzitsi ndi antchito a Boma kuti kudzutsa galimoto yakufa ndi ntchito yabwino yoyenera kutamandidwa, koma kagalimoto kaliwiro kaja sindiko koyenera kuyamba nako munthu wodalira malipiro a pamwezi.

Tisananene za zitsulo, tivomereze kuti chilakolako chimenechi chili ndi gwero lake, ndipo ife sitichiseka. M'masiku amene Maclean Kay ankayamba munda wa Satemwa, m'chaka cha 1923, ndi m'zaka zotsatira pamene minda ya tiyi inkakula ku Cholo, monga ankalembera dzina la bomali nthawi imeneyo, galimoto inali chizindikiro cha bwana. Makolo athu, ambiri a iwo Alomwe amene anaoloka malire kuchokera ku Mozambique kudzafuna malo, ankagwira thangata ndi kuthyola tiyi, ndipo galimoto ikamadza iwo ankapatukira m'ngalande, dengu kumsana, fumbi kumaso. Thangata anathetsedwa ndi lamulo m'chaka cha 1962, ndipo ufulu unafika mu 1964. Nanga ngati lero mdzukulu wa wothyola tiyi, amene anaphunzira nakhala mphunzitsi wamkulu kapena kalaliki wa kwa D.C., afuna kukhala pa mpando umene agogo ake sankaloledwa ngakhale kuukhudza, ndani angamdzudzule?

Komatu chimene chimaiwalika ndi ichi: bwana wa pa esiteti sankayenda ndi kagalimoto kotero yekha. Kumbuyo kwake kunali galaja ya kampani ndi amakaniko olipidwa ndi kampani, kunali Land Rover yoyendera m'munda ndi lole yonyamula katundu. Kagalimoto kaliwiro kanali ka Loweruka ndi Lamulungu, kopitira ku kalabu kapena ku Limbe. Kakafa, bwana sankachedwa ku ntchito, ndipo ana ake sankagona ndi njala. Mphunzitsi amene agula kagalimotoko lero agula chidole cha bwana popanda galaja ya bwana.

Titenge chitsanzo cha MGB, imodzi ya galimoto zodziwika za mtundu umenewu, imene inapangidwa ku Abingdon m'dziko la England kuyambira 1962 kufikira 1980, ndipo zinatuluka zoposa 500,000. Injini yake, ya malita 1.8, si yovuta. Makaniko aliyense wodziwa ntchito wa ku Luchenza kapena ku Bvumbwe angathe kuimasula ndi kuimanganso, ngakhale kuti makabuleta ake awiri amafuna munthu wa khutu labwino kuti ayendere pamodzi. Vuto lili m'thupi. MGB ilibe chasisi chapadera chimene thupi limakhalapo. Thupi lenilenilo ndilo msana wa galimoto, ndipo mphamvu yake ili m'zitsulo za m'munsi mwa zitseko. Zitsulo zimenezi zimadyedwa ndi dzimbiri kuyambira m'kati, kumene diso silifika, kotero kuti galimoto ingathe kuoneka yosalala kunja pamene pakati pake payamba kale kugwa. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kukonza malo amenewa si kumata chigamba ayi, koma kudula ndi kuwotcherera zitsulo zingapo zosanjikizana, galimoto itachirikizidwa bwino kuti isapindike, ndipo mmisiri akalakwitsa pang'ono zitseko sizidzatsekekanso.

Pamenepa ndi pamene nyengo yathu isiyana ndi ya anzathu aja. Iwo amatsekera galimoto zao m'chisanu chifukwa misewu yao imathiridwa mchere wosungunula chipale, ndipo mcherewo umadya chitsulo. Galimoto ikhala m'nyumba youma, mwini wake ali ndi madzulo aatali opanda kopita. Chisanu cha ku Thyolo ndi china. Mu Juni ndi Julaye mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa imabweretsa chiperoni, nkhungu ndi mvumbi wa masiku atatu kapena anayi, chinyontho chimene tiyi amakondwera nacho koma chitsulo chimadana nacho. Palani penti wakale Lolemba, ndipo pofika Lachitatu chitsulo chanu chafiira. Pakani penti watsopano m'nkhungu, ndipo adzatuwa, nadzatukuka matuza chaka chisanathe. Ambiri a ife galaja yathu ndi mtengo wa mango kapena chisakasa cha malata anayi. Ndiponso kwa aphunzitsi imeneyi sindiyo nyengo yopuma, pakuti mayeso a MANEB amagwa m'miyezi yomweyi, ndipo dzuwa limalowa munthu atangofika kumene kunyumba. Wofuna kugwira ntchitoyi mwanzeru aike injini ndi magiya m'chisanu, pansi pa denga, ndipo za kuwotcherera ndi kupenta azisungire Ogasiti ndi Seputembala, mpweya utauma.

Palinso nkhani ya mafuta, imene ogulitsa satchula. Injini za masiku amenewo zinapangidwira petulo wokhala ndi mtovu, umene unkateteza malo okhalapo mavavu m'mutu wa injini. Petulo wotere analeka kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa pofika chaka cha 2006, chotero mutu wa injini yakale uyenera kupita kwa amisiri a makina kuti aikemo zokhalira zolimba, kupanda kutero udzadyeka galimoto ikamayenda maulendo aatali. Kuwonjezera apo, dziko lathu lakhala likusakaniza petulo ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ina inatsegulidwa ku Chikwawa mu 2004. Imeneyi ndi nzeru imene yapulumutsa ndalama zakunja zambiri, ndipo tiyenera kuinyadira. Koma ethanol amafewetsa mapaipi a labala akale, namakoka madzi a mumpweya kulowa m'thanki. Galimoto imene ikhala milungu itatu osayenda m'chinyontho cha ku Thyolo, monga zimakhalira galimoto za Lamulungu, idzachita dzimbiri m'thanki, ndipo paipi yowola yodontha petulo pafupi ndi injini yotentha ndiyo moto.

Ena adzati, kodi masipeyala a MGB sapezeka? Inde apezeka, ndipo mochuluka. Ku England kuli ngakhale kampani ya British Motor Heritage imene yakhala ikupanga matupi atsopano a galimoto imeneyi kuyambira 1988. Koma apezeka ku England, pa mtengo wa mapaundi. Ndalama yathu ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi magawo 25 pa 100 alionse mu Meyi 2022, ndiponso ndi magawo 44 mu Novembala 2023. Munthu amene anaphwasula galimoto yake zimenezi zisanachitike anapeza kuti kachitsulo kalikonse kakwera mtengo m'manja mwake galimoto ili zidutswazidutswa, osatha kuigulitsa, osatha kuitsiriza. Pamwamba pa mtengowo muikepo ndalama yotumizira ndi msonkho wa MRA. Ndipo tifunse funso limene wantchito wa Boma ayenera kudzifunsa asanafunsidwe ndi ena: pamene ndalama zakunja zifunika pogula mankhwala, feteleza ndi mafuta, kodi nkoyenera kuti ife, amene timalangiza anthu za kudzidalira, tizikapempha mapaundi ku banki kuti tigule chogwirira chitseko cha chidole?

Tsono tikadzutse yotani? Yankho lili m'misewu yathu. Kuchokera ku Limbe kudzera pa boma la Thyolo kunka ku Mulanje msewu ndi wa phula, koma sukulu zambiri zimene inu muphunzitsa zili kutali ndi phulalo, ku mapeto a tinjira ta dothi lofiira timene timaterera ngati sopo mvula ikagwa. MGB imayenda mimba yake ili masentimita ngati 13 okha kuchokera pansi. Mwala woyamba udzang'amba paipi ya utsi. Ilibe malo a thumba la chimanga, ndipo mayi wodwala amene afunika kuthamangira naye ku chipatala cha Malamulo usiku alibe pogona m'menemo. Land Rover yakale, ya mtundu umene unayamba mu 1948 ndi kutumikira minda ya tiyi zaka zambiri, ili ndi thupi la aluminiyamu losachita dzimbiri, lokhala pa chasisi chachitsulo chimene wowotcherera wa ku Ndirande angathe kuchiona ndi maso, nachikonza. Peugeot 504, imene inatuluka mu 1968 ndipo inkamangidwabe ku Kenya kufikira 2004, inadziwika Africa yense chifukwa cha kupirira kwake, ngakhale kuti masipeyala ake ayamba kusowa. Koposa zonse, Toyota Hilux yakale ndiyo imene zitsulo zake mungazipeze m'masitolo a ku Limbe ndi pa msika wa Ndirande, pa mtengo wa makwacha, tsiku lomwelo. Zimenezi sizikongola monga kagalimoto kofiira kopanda denga, ndipo Land Rover imamwa mafuta mosaumira, koma zikadzuka zimagwira ntchito.

Tiyankhenso mnzathu amene ati, bwanji osangoitanitsa galimoto yogwiritsidwa kale ntchito ku Japan, idzere ku Dar es Salaam ndi kulowa pa Songwe monga achitira ambiri? Kwa munthu amene afuna kukwera galimoto mwezi wamawa, mnzathuyo anena zoona, ndipo sitimtsutsa. Kudzutsa galimoto yakufa kumatenga chaka kapena kuposa, ndipo kawirikawiri kumadya ndalama yoposa imene munthu anaganiza. Koma pali kusiyana kumodzi kumene Boma lathu liyenera kukuyang'ana. Ndalama yogulira galimoto ya ku Japan imachoka m'dziko. Ndalama yodzutsira Hilux yakale, yambiri ya iyo imatsala kwa makaniko, kwa wowotcherera, kwa wosoka mipando, kwa wamagetsi a galimoto ndi kwa mnyamata wophunzira ntchito amene awapatsira masipanala. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999 kuti likweze maluso a manja, sukulu za umisiri za m'madera zinayamba kutsegulidwa mu 2015, ndipo masomphenya a Malawi 2063 akunena za dziko lodzipangira zinthu. Achinyamata otuluka ku Soche ndi ku Nasawa afunika injini zoti azimasule. Tikadapempha a m'maunduna kuti mwa galimoto za Boma zotha ntchito, zimene zimayamba zaolera pa bwalo zisanagulitsidwe, zina zizipatsidwa ku sukulu za umisiri kuti ophunzira azizidzutsa, zisanasanduke ziphapha zogonamo nkhuku.

Za ndalama tinene mwachidule. Ntchito yotere isayambidwe ndi katapila, kapena ndi ngongole yodulidwa ku malipiro imene idzatsala ikudulidwabe galimoto ili pa njerwa; ndipo inu amene mwayandikira kupuma pa ntchito, ndalama imene mudzalandire musanatsanzike ku ofesi ndiyo ya denga la nyumba ndi fizi ya ana otsala. Mayi wa kunyumba adziwe mtengo weniweni kuyambira pachiyambi, pakuti ndiye adzaona ndiwo zikuchepa. Makaniko mupangane naye gawo ndi gawo, ndipo gawo likatha mumlipire msanga ndi mokwanira. Ndi chamanyazi kuona bwana wa tayi akuzemba mmisiri amene wagona pansi pa galimoto yake mwezi wathunthu.

Amene ali nazo, wokhala kale ndi galimoto ina yoyendera ndi galaja yotseka, ameneyo agule kagalimoto kake kaliwiro ndipo tidzamuombera m'manja, chifukwa adzakhala atasunga chidutswa cha mbiri ya dziko lino chimene chikadapita kwa ogula zitsulo zakutha. Koma iyenso, pamodzi ndi wogula Hilux, asapite yekha kukaona galimoto. Safunsa anadya phula. Atenge makaniko wake, osati wa mwini galimoto. Atenge maginito, nayendetse m'munsi mwa zitseko ndi pamwamba pa matayala, pakuti pamene maginito akana kugwira pa thupi lachitsulo pali phala lomatira lobisa dzenje. Agone chagada pa chiguduli, nagogode chasisi ndi nyundo yaing'ono, namve ngati chilira kapena chigogoma. Ndipo asanapereke ngakhale tambala, aone buku la umwini limene ambiri amalitcha bulubuku, nafananitse manambala a injini ndi a chasisi ndi olembedwa m'bukumo, napite nalo ku ofesi ya Road Traffic ku Blantyre. Galimoto zambiri zokhala kuseri kwa nyumba eni ake anamwalira kapena anachoka m'dziko kalekale, ndipo wokugulitsani angakhale mlonda kapena mphwake wa malemu amene abale ake sanamtume. Yopanda mapepala sidzalembedwa m'dzina lanu, ndipo popanda chiphaso cha COF ndi inshuwalansi idzaimitsidwa ndi apolisi musanafike ku Bvumbwe.