Gemu imodzi, malebo awili: zimene Germany na America aopa

Gemu ya mpila imene anyamata athu amalimbilana m'magemu shopu a ku Kalingalinga, Chawama na Matero, ambili akali kuichula kuti FIFA, olo kuti kucokela mu 2023 dzina inasintha n'kukhala EA Sports FC. Ku America gemu imeneyi ili na cilembo E pa cikuto, kutanthauza kuti aliyense angasewele, ngakhale mwana wa mu giledi 1. Ku Germany gemu imodzimodziyo, ya osewela amodzimodzi na mabwalo amodzimodzi, anaipatsa nambala 12, ndipo wa m'shopu saloledwa kuigulitsa kwa mwana amene sanakwanitse zaka 12. Mulibe mfuti, mulibe magazi, mulibe zotukwana. Nanga a ku Germany aonamo ciani cimene anzawo a ku America saona?

Aonamo ndalama. Mu gemu imeneyi muli mbali yochedwa Ultimate Team, mmene wosewela amagula maphukusi a osewela mpila na ndalama zenizeni, koma sadziwa amene ali mkati mpaka atatsegula. Mwina upeza katswili, mwina upeza amene sumufuna, ndiye ugulenso ina. Mu 2021 Germany inasintha lamulo yoteteza ana, ndipo kuyambila mu January 2023 bungwe ya USK, imene imaika malebo a zaka pa magemu, inayamba kuyang'ana zinthu monga kugula mkati mwa gemu na kukambilana na anthu osawadziwa pa intaneti. FIFA yakale inali na 0. Yatsopano inakwela kufika pa 12.

Ine nimaona kuti apa pali phunzilo imene ise ogula zinthu zopangidwa kutali tifunika kuigwila. Lebo ya pa gemu siili monga sikelo ya ku buchala imene imaonetsa kilo imodzi kulikonse kumene waiika. Lebo ni mbili ya dziko imene yailemba. Imakuuza cimene anthu a kumeneko anapsa naco kale, na cimene akali kuopa mpaka lelo.

Tiyambe na Germany. Dziko imeneyi inayambitsa nkhondo yaciwili ya dziko lonse, ndipo ulamulilo wa Hitler unapha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni. Cifukwa ca ici, lamulo yawo imaletsa kuonetsa poyela zizindikilo za cipani ca Nazi. Mu 1994 khoti inalamula kuti gemu ya Wolfenstein 3D ilandidwe m'mashopu cifukwa ca zizindikilo zimenezi, ngakhale kuti nchito ya wosewela mu gemuyo ni kumenyana na a Nazi. Mu 2017, pamene Wolfenstein II inatuluka, a ku Germany analandila yawoyawo: zizindikilo zacotsedwa, dzina ya Hitler yasinthidwa, na kandevu kake ka pansi pa mphuno kametedwa. Anthu anaseka maningi pa intaneti. Mu August 2018 USK inafewetsako, ati gemu ingaonetse zizindikilozo ngati colinga cake ni luso kapena kuphunzitsa mbili, monga mmene mafilimu anali kuloledwela kale.

Pa ciwawa napo anali olimba. Gemu yochuka ya Doom inaikidwa mu 1994 pa mndandanda wa zinthu zowononga acinyamata, kutanthauza kuti sungaitsatse kapena kuiika pa shelufu poonekela. Inakhala pamenepo zaka 17, mpaka 2011. Opanga magemu, poopa kutaya msika, anayamba kusintha zinthu okha. Mu Half-Life ya ku Germany asilikali anasanduka maloboti. M'magemu ena magazi anakhala obiliwila. Ndiye pa 26 April 2002, mnyamata wa zaka 19 analowa pa sukulu imene anali kuphunzila ku Erfurt na mfuti, n'kupha anthu 16, kenako n'kudzipha. Dziko yonse inagwedezeka, ndipo kuyambila mu April 2003 malebo a USK anakhala lamulo: 0, 6, 12, 16 na 18. Wogulitsa gemu ya 18 kwa mwana amalipila faindi.

Manje tiwoloke nyanja. Ku America nakonso kunali phokoso. Mu December 1993 maseneta Joe Lieberman na Herb Kohl anaitana makampani kuti ayankhe pa magemu a Mortal Kombat na Night Trap. Makampani, poona kuti boma ingawalembele malamulo, anathamanga kupanga bungwe yawo, ESRB, mu 1994. Apa ndiye pali kusiyana kwakukulu: malebo a ku America ni pangano ya makampani na mashopu, osati lamulo ya boma. California inayesa mu 2005 kuletsa kugulitsa magemu a ciwawa kwa ana, koma mu June 2011 khoti yaikulu ya dziko inagwetsa lamuloyo, oweluza 7 kutsutsana na 2. Ati magemu ali monga mabuku na mafilimu, ni ufulu wa kulankhula, ndipo boma siingasankhile makolo.

Koma musaganize kuti America ilibe cimene iopa. Iopa thupi ya munthu. Gemu ya Grand Theft Auto: San Andreas, mmene umaba mamotoka na kuwombela anthu mu msewu, inali kugulitsidwa bwinobwino na cilembo M, ca a zaka 17 kupita pamwamba. Mu 2005 kunapezeka kuti mkati mwa pulogalamu munabisika kambali ka zakugonana, kamene sikanali kuoneka n'komwe pokhapokha munthu atakatsegula na luso ya kompyuta. Pamenepo dziko inayaka moto. Lebo inasinthidwa kukhala AO, ya akulu okhaokha, ndipo mashopu akuluakulu monga Walmart anaicotsa pa mashelufu. Kuwombela kunali kulipo kale, koma palibe shopu inacotsa gemu cifukwa ca iko. Ku Germany zinali mozondoka: cimene anadulamo mu gemu imeneyo ni ciwawa.

Cina cimene cimanidabwitsa n'ca mu August 2019. Munthu atapha anthu oposa 20 mu Walmart ya ku El Paso, kampaniyo inauza anchito ake kucotsa zikwangwani zotsatsa magemu a ciwawa. Mfuti zenizeni zinapitiliza kugulitsidwa. Wa ku Germany akamva izi amagwila pakamwa. Wa ku America nayenso akamva kuti munthu wamkulu wa zaka 40 ku Hamburg anali kusewela gemu yodulidwa cifukwa boma yamuganizila, amapukusa mutu. Aliyense aona mnzake monga wopenga.

Kusiyana uku sikuthela pa magemu. Kuli na mu foni imene ili m'thumba mwanu. Mu 2010, pamene Google inafuna kuika zithunzi za misewu ya Germany pa Street View, mabanja oposa 244,000 analemba kuti nyumba zawo zibisike. Google inatopa, inaleka kuikapo zithunzi zatsopano, ndipo inabwelelanso mu 2023 cabe. Ku America motoka ya kamela imeneyo inazungulila mizinda popanda cotsutsa cacikulu. Cifukwa cake si covuta kucipeza. Anthu a ku Germany anaona Gestapo, ndipo a kum'mawa kwa dzikoyo anakhala pansi pa Stasi mpaka 1989, apolisi acinsinsi amene anali kusunga mafaelo a nzika, neba kulemba za neba wake. Munthu amene agogo ake anagwidwapo cifukwa ca pepala ya mu faelo sakonda kuti wina azilemba kumene wapita na amene wakamba naye. N'cifukwa cake cigawo ca Hesse cinapanga lamulo yoteteza mbili za anthu mu 1970, yoyamba pa dziko lonse, ndipo mu 1983 khoti yawo ya ku Karlsruhe inagamula kuti munthu ali na ufulu wosankha yekha amene angadziwe za iye. America mpaka lelo imadalila malamulo a zigawo, monga ya California imene inayamba mu 2020, na ena a mbali imodziimodzi monga za cipatala.

Kumeneko wogula amaonedwa monga munthu wamkulu amene wasaina yekha: wadina batani yovomeleza, basi kwatha. Ku Germany, na ku Europe konse, amaganiza kuti munthu mmodzi sangalimbane na kampani ya mabiliyoni, conco boma iimilile pakati. Ndipo nthawi zina kulimba kwawo kumatifika ngakhale ise. European Union, mmene Germany ni dziko yaikulu pa cuma, italamula kuti mafoni onse akhale na polowetsa chaja pamodzi pa USB-C, Apple inasintha iPhone 15 mu 2023 pa dziko lonse. Ndiye ngati lelo wa pa Katondo Street akugulitsani chaja imodzi yokwanila mafoni onse a m'nyumba, dziwani kuti nkhondo imeneyo inamenyedwa ku Brussels, ise tangodya zakupsa.

Sin'kamba kuti a ku Germany sakonda magemu, iyayi. Gamescom, cionetselo ca magemu cimene cimacitika ku Cologne caka ciliconse mu August, cimakoka anthu oposa 300,000, pamene E3 ya ku Los Angeles inatsekedwa mu 2023. Mu 2017 Angela Merkel anapita yekha kukatsegula Gamescom. Koma ukaona magemu amene anabadwila kwawo, monga The Settlers na Catan, upeza kumanga midzi, kugulitsana mitengo na tiligu, kuwelengela zinthu. Farming Simulator, gemu yolima na thilakita yopangidwa na kampani ya ku Switzerland, imagulidwa ngako ku Germany. America inatipatsa Doom, Call of Duty na Fortnite. Wina afuna kukonza dongosolo, wina afuna kukhala ngwazi yekha.

Nanga walondola ndani? Pa nkhani ya ciwawa, niona kuti Germany inapitilila malile kwa zaka zambili. Akuluakulu ofuna gemu yosadulidwa anali kungoitanitsa ku Austria, ndipo intaneti itafalikila mpanda unagwelatu. Komanso mu 2020 bungwe ya akatswili a maganizo ku America, APA, inanena kuti palibe umboni wokwanila wakuti magemu ndiwo amacititsa munthu ciwawa. Acinyamata a ku Japan na South Korea amasewela magemu usiku wonse, koma kuphana na mfuti kumeneko n'kocepa kwambili. Gemu ni yosavuta kuiloza cala kuposa mfuti, umphawi kapena nyumba yopanda mtendele.

Koma pa nkhani ya ndalama na anthu osawadziwa, Germany yafunsa funso imene itikhudza ise kuposa onse. Yendani mu komboni iliyonse muno mu Lusaka muwelenge mashopu a beting'i. Onani mmene mnyamata amaikila K5 pa foni, ati lelo niwina. Manje mwana wa zaka 9 akazolowela kulipila kuti atsegule phukusi imene sadziwa za mkati, mtima ukugunda, kenako n'kufunanso ina, kodi tikumuphunzitsa ciani? Cilembo E ca ku America cimayankha funso yakuti muli magazi kapena zamalisece. Zoona, pansi pake amalembapo tumawu tung'ono tocenjeza kuti muli zogula zamwayi, koma cilembo cacikulu cimakhala E ndithu. Nambala 12 ya ku Germany imayankha funso ina: kodi gemu iyi ingakoke thumba ya mwana, kapena kumugwilizanitsa na munthu wamkulu amene simumudziwa?

Ise tili pakati. Ma disiki amene amafika m'mashopu athu amabwela na malebo a maiko ena, ndipo magemu ambili a ana athu ni a pa foni, monga Free Fire, PUBG Mobile na Roblox, otengedwa mahala koma odzala na zogula mkati. Lamulo yathu yoteteza mbili za anthu, Data Protection Act, inabwela mu 2021, koma lamulo siikhala pa mphasa na mwana wanu madzulo pamene mwamubweleka foni kuti aleke kulila.

Conco kwa makolo anzanga a mu tauni, na kwa ise amalume na azakhali amene timagulila ana ma bundle, nikuti tiwelenge malebo onse awili monga mmene timafunsila mitengo pa tuntemba tuwili tisanagule. Lembani dzina ya gemu pa intaneti pamodzi na mawu akuti ESRB, muone zimene America ikamba. Lembaninso na USK, muone Germany. Zikasiyana, funsani cifukwa, pakuti pamenepo ndiye pabisala nkhani. Mu foni, pa Play Store kapena App Store, ikani kuti kugula kulikonse kufune pasiwedi, ndipo PIN ya mobile money isakhale nyimbo imene mwana aidziwa pamtima. Zimani mbali yokambilana na alendo ngati mwana akali wamng'ono. A magemu shopu, imwe ba boss, GTA na mwana wa giledi 3 siziyendela pamodzi, olo abwele na K2 yake m'manja.

Ndipo kwa amene amatilembela malamulo ku Manda Hill, funso ni iyi: Germany idziwa cimene iopa, America nayo idziwa. Ise tiopa ciani pa ana athu? Tikapanda kuyankha tekha, tizapitiliza kulela ana na mantha obweleka, pamene cimene cikudya ndalama ya ndiwo m'nyumba zathu cilibe lebo iliyonse.