Pempho kwa Nzika za ku Chinamwali pa Zamoyo za M'nthaka

Gulu la nzika za ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba, zimene zimalima m'minda ya m'tsinde mwa phiri, m'madimba a m'mphepete mwa mitsinje ndi m'timinda ta kuseri kwa nyumba, likupereka pempho ili kwa mafumu, makhansala, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi, ochita malonda ndi makolo onse, potsatira dandaulo limene lafala pakati pa alimi lakuti nthaka yaguga ndipo popanda feteleza munthu sakolola kanthu. Dandauloli n'loona, koma mankhwala amene anthu ambiri akuwaganizira, omwe ndi thumba lina la feteleza chaka chilichonse, sakufika pa gwero la matendawo, pakuti nthaka imene anthu akuti yaguga ndi nthaka imene zamoyo zake zatha chifukwa cha njala ndi moto.

Mawu akuti zamoyo za m'nthaka akutanthauza zolengedwa zonse zimene zimakhala m'dothi kapena pansi pa zinyalala za pamwamba pake. Zina zimaoneka ndi maso, monga nyongolotsi za m'munda, chiswe, nyerere, bongololo, nkhululu, mphutsi ndi tizikumbu tokwirira ndowe, pomwe zochuluka kwambiri n'zosaoneka popanda makina okulitsa zinthu, ndipo mwa izi muli mabakiteriya, omwe ndi tizilombo ta selo imodzi, ndi mafangasi, omwe ndi zamoyo za m'banja la bowa ndi nkhungu zimene zimayala timaulusi toyera m'dothi. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linanena mu lipoti lake la mu 2020 kuti zoposa gawo limodzi mwa magawo anayi a mitundu ya zamoyo zonse za padziko lapansi zimakhala m'nthaka, ndipo akatswiri amaphunzitsa kuti m'dothi la chonde lodzaza supuni imodzi mungathe kukhala tizilombo toposa chiwerengero cha anthu onse a padziko. Kusiyanasiyana kwa mitunduyi n'kofunika koposa kuchuluka kwake, chifukwa mtundu uliwonse uli ndi ntchito yake, ndipo mtundu wina ukasowa ntchito ya anzake imatsalira panjira.

Ntchito yoyamba ndi yowoletsa. Phesi la chimanga likagwa pansi, chiswe ndi bongololo zimaliduladula, nyongolotsi zimakokera tizidutswato pansi n'kutisakaniza ndi dothi m'mimba mwake, kenako mabakiteriya ndi mafangasi amamaliza ntchitoyo pomasula michere imene inali m'phesimo kuti mbewu ya chaka chamawa iyamwe. Chimene chimatsala ndi chija chimadetsa dothi n'kulipatsa fungo limene mlimi aliyense amalidziwa mvula yoyamba ikagwa, ndipo ndicho chimamatiriza timchenga ndi makande kukhala timibulu tosunga chinyontho. Katswiri wa ku England Charles Darwin, m'buku lake lomaliza la mu 1881, anaonetsa kuti nyongolotsi zimatembenuza nthaka ya pamwamba pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndipo timauna take ndi njira zimene madzi a mvula ndi mpweya zimalowera pansi.

Pa chiswe m'pofunika kuimapo, chifukwa alimi ambiri amachiona ngati mdani basi. N'zoona kuti chiswe chimagwetsa chimanga chikamauma ndiponso chimadya mitengo ya denga, ndipo gululi silikunena kuti munthu achilekerere m'nyumba mwake. Komabe chiswe chomwecho chimatulutsa dothi la pansi kwambiri lokhala ndi michere, n'chifukwa chake makolo ankakonda kubzala maungu ndi fodya pachulu ndiponso kumwaza dothi la pachulu m'munda wa mchenga. Ndi chiswe chimene chimapereka ngumbi, ndipo pali mitundu ya bowa wodyedwa imene imamera pachulu pokha chifukwa chiswe chimachita kuulima m'kati mwa nyumba yake. Munda umene wasesedwa n'kutenthedwa umasiya chiswe chopanda chakudya china koma mbewu ya mlimiyo, pomwe munda wophimbira umachipatsa zouma zoti chidye. Munthu amene amathira mankhwala pachulu chilichonse chimene wachiona amataya ndiwo ziwiri ndi chonde chomwe.

Ntchito yachiwiri ndi imene imakhudza thumba la ndalama. Mchere umene chimanga chimaufuna kwambiri ndi nayitirojeni, womwe alimi amaugula m'thumba la yuliya, chikhalirecho pafupifupi magawo 78 mwa magawo 100 a mpweya umene anthu amapuma ndi nayitirojeni yemweyo, kungoti mbewu siingathe kumutenga mumpweya payokha. Mabakiteriya otchedwa rayizobiyamu, amene amakhala m'timatuza ta pamizu ya nandolo, mtedza, soya, nyemba ndi khobwe, amagwira nayitirojeni wa mumpweya n'kumusandutsa chakudya cha mbewu, ndipo aliyense angathe kuona umboni wake pozula mtedza n'kuswa katuza kamodzi, pakuti kofiirira m'kati kamasonyeza kuti tizilomboto tili pantchito. Anthu a kuno kummwera akhala akubzala nandolo m'chimanga kuyambira kale, ndipo masamba ake oyoyoka m'chilimwe ndi manyowa aulere ngati sanatenthedwe. Umboni wina uli m'boma lomwelino la Zomba, pa malo a kafukufuku wa zaulimi a Makoka kufupi ndi Thondwe, pomwe kuyambira mu 1992 akatswiri a boma ndi a bungwe la ICRAF anayesa kulima chimanga pamodzi ndi mitengo ya gilirisidiya, yomwe amaisadza n'kukwirira masamba ake m'mizere. Patapita zaka zingapo, zokolola za m'minda ya gilirisidiya zinaposa kwambiri za m'minda ya chimanga chokha chopanda feteleza, ndipo feteleza wochepa akathiridwa m'minda ya mitengoyo ankapindula koposa. N'zomvetsa chisoni kuti nzeru imene inayesedwa pamtunda woti munthu angathe kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo ikuonekabe m'minda yowerengeka ya m'dera lino.

Mafangasi nawo amachita ubale ndi mizu, ndipo ubalewu akatswiri amautcha mayikoraiza. Timaulusi ta fangasi timafika kutali kumene muzu sungafike, n'kubweretsa madzi ndi mchere wa fosiforasi, pomwe mbewu imabwezera shuga amene yapanga m'masamba. Mitengo ya chilengedwe monga mombo ndi msuku imadalira kwambiri ubalewu, ndipo bowa wa manyame amene amayi amagulitsa m'mphepete mwa msewu m'nyengo ya dzinja ndi chipatso cha mafangasi okhala pamizu ya mitengo yotereyi. Munthu sangamulime bowa ameneyu m'nyumba monga amachitira ndi bowa wina, choncho mtengo wa msuku ukapita ku makala, bowa wa pansi pake amapita nawo.

Nkhani ya madzi ndi imene iyenera kudetsa nkhawa ngakhale munthu amene alibe munda. Mzinda wa Zomba umamwa madzi ochokera m'damu la Mulunguzi pamwamba pa phiri, ndipo mitsinje ya Mulunguzi, Likangala ndi Domasi imayambira m'mapiri omwewa n'kukathera m'nyanja ya Chilwa, yomwe ilibe mtsinje wotulukamo. Nthaka yamoyo imamwa mvula n'kuisunga, kenako n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'akasupe mpaka m'chilimwe, pomwe nthaka youma gwa ndi yopanda chophimba imathamangitsa madzi pamwamba, ndipo madziwo amatenga dothi la chonde, amakumba zigwembe m'njira za pakati pa nyumba n'kukwirira ngalande za m'misewu. Kafukufuku amene boma linachita pamodzi ndi mabungwe a United Nations anapeza kuti mu 2014 dziko la Malawi linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pachaka, chikhalirecho dothi la pamwamba lokhuthala ngati chala limatenga zaka mazana ambiri kuti lipangike. Dothi lochoka m'mapiri a Zomba limakathera ku Chilwa, nyanja yosaya imene inaikidwa pa mndandanda wa madambo ofunika padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar, ndipo inaphwa mu 1995 ndiponso kwakukulu mu 2018, zimene zinasowetsa matemba m'misika ndi ntchito kwa asodzi a ku Kachulu. Gululi silikunena kuti nthaka yamoyo ikanaletsa namondwe wa Freddy, yemwe mu Malichi 2023 anagwetsa mvula yoposa imene nthaka iliyonse ingamwe, koma mvula ya zaka zambiri siifika pamenepo, ndipo ndi mvula wamba imene ikukokolola minda chaka ndi chaka.

Ngakhale achipatala ali ndi mangawa ku nthaka, pakuti mankhwala a streptomycin, omwe anali oyamba kuchiza chifuwa chachikulu, anapezeka mu 1943 ku yunivesite ya Rutgers ku America kuchokera ku bakiteriya wa m'dothi.

Zimene zikupha zamoyozi n'zodziwika kwa aliyense. Choyamba ndi moto, kaya wosakira mbewa, wososera munda kapena wolusa m'nkhalango ya paphiri kuyambira mu Ogasiti mpaka mvula itagwa. Moto umapha tizilombo ta pamwamba, umanyeketsa chakudya cha totsalato, ndipo nayitirojeni amene anali m'mapesi amapita ndi utsi, kotero kuti phulusa limene mlimi amaliyamikira ndi kachigawo kochepa chabe ka chuma chimene chinalipo. Kuumba njerwa kumachotsa dothi n'kusiya maenje, ndipo uvuni wake umadya mitengo. Majumbo opyapyala, amene malamulo a mu 2015 analetsa ndipo khoti lalikulu la apilo linavomereza chiletsocho mu 2019, akupezekabe m'mizere, momwe sawola ndipo amatchinga mizu ndi madzi. Mankhwala ophera mbozi akathiridwa mopyola muyezo amapha ndi zothandiza zomwe, monga nyerere ndi akangaude amene amadya mbozizo. Pa feteleza gululi likufuna kumveka bwino: feteleza si mdani, ndipo minda yambiri ya m'dera lino ikumufunabe, koma amadyetsa mbewu osati nthaka, ndipo pa dothi lopanda manyowa gawo lake lalikulu limatsukika ndi mvula, pomwe udzu wa kaufiti umakondwa pa nthaka yosukuluka yoteroyo. Popeza mtengo wake unakwera kwambiri, makamaka kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, banja limene limathira feteleza pa nthaka yakufa likuwaza ndalama zake mumtsinje.

Chinamwali ali ndi mwayi umene midzi yakutali ilibe. Tsiku lililonse msika ndi makomo a m'mphepete mwa msewu wopita ku Liwonde amatulutsa masamba a kabichi, matimati owola, makoko a nthochi, zisononkho, zikhungwa za nzimbe, phulusa la pambaula ndi zitosi za nkhuku, ndipo zonsezi zinachokera m'nthaka ya winawake. Zikasakanizidwa ndi majumbo, mabotolo ndi matewera zimasanduka mulu wonunkha umene umatenthedwa kapena kukokoloka ndi madzi, koma zikapatulidwa pa gwero n'kusanjidwa m'dzenje kapena pamulu, zouma ndi zaziwisi mosinthana, n'kumathiridwa madzi ndi kutembenuzidwa, m'miyezi iwiri kapena itatu zimakhala kompositi. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa njira zingapo, monga ya chimato, yomwe mulu umamatidwa ndi dothi, ndi ya manyowa a Mbeya, yomwe gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono zimasakanizidwa n'kusungidwa m'thumba kwa masabata atatu.

Pa zifukwa zimenezi gululi likupempha mabanja onse kuti chaka chino mapesi ndi masangwi asatenthedwe, koma agonekedwe m'mizere kapena aphimbire munda, ndiponso kuti khomo lililonse likhale ndi malo awiri otayirako zinyalala, ena a zowola ndi ena a zosawola. Likupempha komiti ya msika ndi khonsolo ya mzinda wa Zomba kuti zigwirizane zopatula malo osonkhanitsira zowola, kuti achinyamata osowa ntchito apange kompositi n'kumagulitsa kwa alimi a m'madimba. Mafumu ndi atsogoleri a m'mabuloko akupemphedwa kukhazikitsa malamulo a m'dera oletsa moto wa mbewa ndi kulima mpaka m'gombe la mtsinje, ndipo alimi a pamalo otsetsereka akonze akalozera, omwe ndi mizere yotsata mlingo umodzi wa phiri, abzalepo udzu wa vetiva ndi kutseka mizere yawo ndi mabokosi osunga madzi. Aphunzitsi nawo angathe kutulutsa ophunzira panja kuti akumbe kadzenje pansi pa mtengo wa masamba ambiri ndi kena pabwalo losesedwa, n'kuwerenga zamoyo zimene apeza m'malo awiriwo, pakuti mwana amene waona kusiyanaku ndi maso ake adzaganiza kawiri asanayatse machesi m'munda. Ophunzira ndi aphunzitsi a sayansi pa Yunivesite ya Malawi, komanso akatswiri a kafukufuku wa nkhalango amene likulu lawo lili mumzinda womwewu, akupemphedwa kutsika kudzafotokozera anthu zimene akudziwa m'chinenero chimene alimi angamve.

Tsiku lokumbukira nthaka padziko lonse limakhala pa 5 Disembala, nthawi imene kuno mvula imakhala itayamba ndipo mbewu zili m'nthaka. Gululi likupempha kuti pofika tsiku limenelo munda uliwonse wa ku Chinamwali udzakhale utalandira manyowa ochokera pakhomo pa mwini wake, ndipo kuti izi zitheke, dzenje la kompositi liyenera kukumbidwa anthu akangomaliza kukolola.