Mualadzi si kumathero kwa dziko

Abale anga a m'malire, tsiku lina ndinafunsa mwana wa pasukulu kuno ku Mualadzi kuti anditchulire maposito a distirito yathu ya Chifunde. Anakanda mutu. Koma nditamfunsa mtengo wa thumba la chimanga, anayankha mosajejema, ndiponso m'makwacha. Ine sindikumdzudzula mwanayo. Akunena zimene amaona.

Tiyeni tikumbutsane. Chifunde ili ndi maposito atatu: Chifunde, Nsadzu ndi Mualadzi wathu yuno. Kumpoto tachita malire ndi Zambia, cha kum'mawa kuli Malawi ndi Macanga, kummwera Chiuta, kumadzulo Marávia. Chigawo chonse cha Tete chili ndi madistirito 15 tikawerengera mzinda wa Tete, pakuti mu 2013 boma linaonjezera Dôa ndi Marara. Chigawochi chinalowa ngati mphero pakati pa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo ife tili cha kunsonga kwake.

Munthu woyang'ana mapu ali mu ofesi amati kuno n'kumathero. Makolo athu akanaseka. Kuno kunali pakati. Undi atachoka kwa Kalonga anamanga likulu lake ku Mano, mbali yathu ino ya Tete, ndipo mafumu a kutali, mpaka a kumene lero kuli Katete ndi Chadiza, ankabwera kudzalambira kuno. Mu 1831 Mpwitikizi wina, António Gamitto, anadutsa m'dziko la Amaravi popita kwa Kazembe, nalemba zimene anaona. Pambuyo pake atsamunda anatcha malo ano Vila Gamito, ngati kuti mlendo wongodutsa ndiye mwini mudzi. Ufulu utabwera mu 1975 dzina lathu linabwerera.

Nanga malirewa anadza bwanji? Pa 11 Juni 1891 Angelezi ndi Apwitikizi anasainirana pangano logawana dziko lino. Palibe nyakwawa imene inafunsidwa. Mzere unadutsa pakati pa mtsibweni ndi mphwake, pakati pa mudzi ndi manda ake. Mavuto a msonkho ndi chibalo atakula, Undi mwini anasamukira kutsidya m'ma 1930, n'chifukwa chake lero pa Kulamba timapita ku Mkaika mwezi wa Ogasiti kukalambira Kalonga Gawa Undi. Nkhondo ya ufulu itafika m'Tete mu 1968, ndiponso pa nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ambiri a ife tinapulumukira kwa abale omwewo. Ena anakakhala ku Ukwimi. Amene anadyapo nsima ya kutsidya pa nthawi ija sangalole kuti munthu anyoze abale athuwo.

Pali ena amati malire angofafanizidwa basi. Ine ayi. Ndife a Moçambique, ndipo anthu anafera dzikoli. Chimene ndikunena n'chakuti mzere wa pamapu sugwira munthu. Chimagwira munthu ndi msika, chipatala, msewu ndi sukulu. Mayi amene mwana wake watentha thupi usiku sawerenga za 1891, amathamangira kumene kuli pafupi. Mlimi amene wakolola chimanga, nyemba kapena fodya amagulitsa kwa amene wafika pakhomo ndi sikelo, ndipo ndani amafika msanga, mvula itaononga njira yotulukira ku msewu waukulu wa Tete ndi Cassacatiza? Tikamagulitsa motero, mtengo amaika ndi wogula, ife n'kungovomera.

Choncho kugawa madistirito ndi maposito kukhale ndi phindu looneka. Kulembetsa mwana wobadwa ndi kutenga bilyeti kuzitheka pa posito pompano nthawi zonse, chifukwa mwana wopanda chikalata amavutika pa mayeso, ndipo akakula mbali zonse ziwiri zimamuyesa mlendo. Ogula mbewu ndi metikali azifika nthawi yokolola, osati nkhokwe zitatha. Ndipo aphunzitsi, pophunzitsa za Maputo ndi mtsinje wa Zambezi, asaiwale Mano.

Chinanso. Kuyambira 2019 kazembe wa chigawo timamsankha tokha, koma chisankho cha oyang'anira madistirito, chimene chinayenera kuchitika mu 2024, chinaimitsidwa lamulo litasinthidwa mu 2023. Aphungu athu akadzabwera kudzachita msonkhano pansi pa mtengo, tidzawafunse kuti nkhani ija ili pati.